Achimwene, nsomba za pa mndandanda wanuzo zidikire kaye

Ndaona funso lanu. Mwati thanki yanu ya nsomba za m'madzi amchere ndi makorali ndi ya malita 200, yatha miyezi inayi, muli clownfish ziwiri za ocellaris, cleaner shrimp imodzi, timakorali ta zoa ndi mushroom komanso korali imodzi ya hammer, ndipo mtima wanu uli pa blue tang, mandarin, flame angel ndi damsel zingapo za buluu zoti thanki izioneka yodzadza. Za nyale ndi skimmer (makina ochotsa zinyalala m'madzi) mwafunsazo akuyankhani ena, ine ndinenapo za nsomba zokha.

Musandikwiyire, koma pa zinayi mwatchulazo palibe ndi imodzi yomwe imene ndingaike mu thanki imeneyo panopa. Chomwe ogulitsa sanena ndi chakuti mu thanki ya makorali nsomba ikalowa yalowa. Miyala ija ndi mapanga okhaokha, ndipo nsomba ikangoona kaukonde imalowa kubowo komwe chala chanu sichingafike. Zili ngati kulowetsa lendi woti tsiku lofuna kumutulutsa muyenera kugumula nyumba. Ndiye musanayang'ane kukongola, dzifunseni ngati nsombayo mungakhale nayo zaka zisanu.

Ine zinandionekera ndi dottyback. Sitolo ina kuno ku Johannesburg inali italemba pagalasi kuti royal gramma, mnyamata wogulitsa n'kutsimikiza kuti ndi yomweyo, yofatsa, siivuta. Inali royal dottyback. Poyamba inkangobisala. Itazolowera inalanda thanki yonse, kansomba kosafika ndi kutalika kwa chala changa chapakati. Firefish yanga, yomwe inkakonda kuyandama pakatikati pa madzi ikugwedeza kachipsepse kake kakatali kapamsana, inasiya kutuluka, inasiya kudya, ndipo m'mawa wina ndinaipeza itauma pansi kuseri kwa kabati. Goby inang'ambidwa mchira. Ndinatchera msampha wa botolo la pulasitiki wokhala ndi chakudya mkati, munalowa clownfish, munalowa shrimp, mwini mlandu ankangosuzumira pakhomo n'kubwerera. Mapeto ake ndinatulutsa miyala yonse kuika m'mabeseni pabalaza, makorali omwe ndinamata ndi guluu akuthothoka, mutu umodzi wa hammer n'kuthyoka, mayi a kunyumba ataima pakhomo osalankhula kanthu. Mu thanki munalibe nsomba ija. Inali yadzipanikiza mkati mwa mwala umodzi, inagwa yokha nditaunyamula mwalawo pamwamba pa ndowa. Nditabwerera kusitolo kuja anati zalowa m'madzi mwanu sitilandiranso.

Ndiye poti gramma ndikulimbikitsani kugula, dziwani kusiyanitsa kwake nokha. Zonse ziwiri kutsogolo ndi za pepo, kumbuyo ndi zachikasu. Pa gramma yeniyeni mitundu iwiriyi imalowerana pang'onopang'ono pakati pa thupi, ili ndi kadontho kakuda kutsogolo kwa chipsepse chapamsana, ndipo pali kamzere kakuda kodutsa padiso. Pa dottyback malire a pepo ndi chikasu ndi owongoka, kadontho kakuda palibe. Gramma imachokera ku Caribbean, imakonda kusambira chagada pansi pa miyala, ndipo inzake ikayandikira phanga lake imangoyasamula kukamwa kuopseza, zimathera pomwepo. Dottyback siopseza, imaluma.

Za damsel, ndaona wina pamwambapa wati yambani ndi zimenezo chifukwa sizifa msanga ndiponso ndi zotchipa. Zoona sizifa, ndipo vuto lake ndi lomwelo. Mudzagula motchipa, kenako izo zidzapha nsomba yodula. Zikakhala zazing'ono m'sitolo zimaoneka zosalakwa, koma zikakhwima iliyonse imatenga mwala wake, ndipo chilichonse chomwe mungaike pambuyo pake chimalandiridwa ndi nkhondo. Yoipitsitsa ndi domino, yakuda ya timadontho toyera ija. Imakula kupitirira masentimita 10, timadonthoto timazimiririka, imasanduka chinsomba chotuwa chomwe chimakulumani dzanja mukamapukuta galasi. Ngakhale green chromis zomwe amati ndi zofatsa, mukagula zisanu mu thanki yaing'ono zimathana zokha imodziimodzi mpaka kutsala imodzi kapena ziwiri. Komanso musaiwale kuti clownfish zanuzo ndi za banja lomwelo la damsel. Pa ziwirizo, yaikuluyo isanduka yaikazi ndipo ikasankha ngodya yake iyamba kulondera. Musaikemo clownfish yachitatu, makamaka ya mtundu wa maroon.

Winanso wati mungodzaza nsomba zambiri kuti ukali ugawikane. Nzeru imeneyo ndi ya mbuna za kwathu ku nyanja ya Malawi, ndipo pa mbuna imagwiradi ntchito, chifukwa madzi ake ndi a pampopi, mutha kusintha theka la thanki sabata iliyonse osamva kuwawa m'thumba. Kuno madzi aliwonse omwe mwataya ndi mchere wogula ndi madzi osefa ndi makina apadera otchedwa RO. Nsomba zikachuluka nitrate ndi phosphate zochokera ku zinyalala zake zimakwera m'madzi, ndere zimaphimba miyala, makorali amayamba kufota. Amene wanena zimenezo ndikukayika ngati anasungapo korali.

Blue tang ndikudziwa, ana akuifuna chifukwa cha katuni ya Finding Nemo. M'sitolo amagulitsa kakang'ono ngati kandalama kachitsulo, koma nsomba imeneyi imafika masentimita 30 ndipo imasambira tsiku lonse osapuma. Thanki ya malita 200 nthawi zambiri kutalika kwake sikupitirira mita imodzi, pomwe iyo imafuna ya pafupifupi masentimita 180. Ikapanikizika imadwala, ndipo pa nsomba za m'madzi amchere iyi ili m'gulu la zomwe zimatola matenda a timadontho toyera msanga. Mawu oti "ikakula ndidzagula thanki yaikulu" tonse tinawamvapo, thanki yaikuluyo siibwera. Yellow tang nayo musaiganizire. Malo ndi ochepabe, komanso chiletsereni khoti kugwira m'nyanja nsomba zokasunga m'mathanki ku Hawaii mu 2021, mtengo wake unakwera moti zomwe zikupezeka zambiri ndi zoweta (zobadwira m'mathanki), za masauzande angapo a marandi.

Mandarin ndiye imandimvetsa chisoni, chifukwa siivutitsa aliyense, imangofa mwakachetechete. Chakudya chake ndi tizilombo ting'onoting'ono ta m'miyala totchedwa copepod, ndipo imatola kamodzikamodzi kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Thanki ya miyezi inayi ilibe tokwanira. Idzatha tonse m'masabata ochepa, inu muzidzathira chakudya cha m'paketi iyo osachiyang'ana n'komwe, kenako mudzaona mimba yalowa mkati ndi kamzere ka fupa kakuonekera m'mbali. Ikafika pamenepo kubweza n'kovuta. Dikirani thanki ithe chaka, miyala ikhwime, ndipo mukadzafuna mudzafunefune yoweta yomwe mwaiona ndi maso anu ikudya chakudya chouma kapena chowumitsa mu firiji.

Flame angel ndi mwayi. Ena amakhala nayo zaka osakhudza korali, ena imayamba kujompha mwezi woyamba, ndipo zomwe imakonda kujompha ndi zomwe muli nazozo, zanyamanyama ngati hammer ndi zoa. Siidya n'kumaliza ayi, imangojompha podutsa, koma korali ikamajomphedwa tsiku lililonse imasiya kutambasuka mpaka kufa. Angel inzake yotchedwa coral beauty ndi chimodzimodzi ngakhale amati ili bwinoko. Pa ndalama yomwe imagulidwa, ine sindingayese.

Tsono muikemo chiyani? Yambani ndi zamantha, zolimba mtima zibwere kumapeto, kuti ofooka apeze mapanga awo kusanabwere owalanda. Firefish imodzi ikhale yoyamba. Imodzi ndithu, ziwiri zosakhala mwamuna ndi mkazi zimamenyana. Kenako yellow watchman goby pamodzi ndi pistol shrimp, ndipo apa ndiye ndikukakamizani chifukwa pa zonse zomwe ndasungapo palibe chondisangalatsa kuposa awiriwa. Shrimp ija siona bwino, ntchito yake ndi kukumba. Imatuluka kudzenje itanyamula mchenga ndi tizigoba ngati katundu, uku kanyanga kake kamodzi katagunda pathupi pa goby yomwe yaima pakhomo ndi nkhope yake yokwinya. Mukangoyandikira galasi goby imagwedeza mchira, onse awiri n'kulowa mkati nthawi imodzi. Madzulo shrimp imatseka pakhomo ndi timiyala, m'mawa n'kutsegulanso. Usiku muzimva kaphokoso kothetheka ngati galasi lang'aluka, musadzidzimuke, ndi pistol shrimp ija ikuthethetsa dzanja lake lalikulu. Chenjezo lake ndi limodzi: onetsetsani kuti miyala yanu yakhala pagalasi la pansi osati pamwamba pa mchenga, chifukwa ikakumba pansi pake mulu wonse utha kugumuka. Makorali omwe mwaika pamchenga muwakweze, imawakwirira.

Pambuyo pake tailspot blenny, kakang'ono, kamadya ndere ndipo kamakhala m'kabowo katangotulutsa mutu. Banggai cardinal imodzi ngati mukufuna yoyandama poyera, koma funsani yoweta, chifukwa kwawo ku zilumba za Banggai ku Indonesia inagwidwa kwambiri mpaka bungwe la dziko lonse loona za chilengedwe la IUCN linaiika pa gulu la zomwe zili pangozi yotha mu 2007. Zoweta zimalimbanso kuposa zogwidwa kunyanja. Royal gramma ibwere pomaliza. Pamodzi ndi clownfish zanu ndiye kuti zakwana zisanu ndi ziwiri, ndipo pa malita 200 pamenepo mwafika pamapeto, mwinanso muchotsepo imodzi. Pakati pa nsomba ndi inzake muzisiya masabata awiri kapena atatu. Mitengo imasinthasintha ndi dola, koma yembekezerani gramma kukhala yodulirapo kuposa firefish, goby ndi blenny chifukwa imachokera kutali. Six line wrasse adzakuuzani kuti ndi yabwino pa tizilombo ta pa makorali, ikanitsitseni, ikakula khalidwe lake ndi la dottyback lomwe lija. Hawkfish nayo ingakudyereni cleaner shrimp yanu.

Musanagule firefish kapena goby, vindikirani thanki ndi ukonde wa timabowo ting'onoting'ono. Zimalumpha, ndipo zimapeza ngakhale kampata ka pomwe padutsa waya.

Chomaliza chomwe anthu amachinyalanyaza ndi kwarantini. Pezani kathanki ka malita 40 kapena 60, kopanda mchenga ndi miyala, mungoikamo hita, kasefa ka siponji ndi zidutswa za paipi ya pulasitiki zobisalamo. Nsomba yatsopano iliyonse ikhale mmenemo mwezi wathunthu mukuiyang'ana. Chifukwa chake n'chakuti mankhwala odalirika a matenda a timadontho toyera komanso a matenda ena otchedwa velvet ndi okhala ndi copper, ndipo copper amapha makorali, shrimp ndi nkhono, komanso amalowerera m'miyala. Matendawa akalowa mu thanki yaikulu simungathiremo mankhwala. Muyenera kutulutsa nsomba zonse, ndiye kugumula miyala kuja, n'kusiya thanki yopanda nsomba masiku 76 kuti tizilombo tomwe tabisala mumchenga tife ndi njala. Velvet ndiye siipereka ndi nthawi yomwe, nsomba imayamba kupuma mwawefuwefu ndi kusambira moyang'anizana ndi pampu, masiku awiri atatu thanki yonse yapita. Zamadzimadzi zolembedwa kuti sizipha makorali zija, ndi adyo yemwe ena akuti muzisakaniza m'chakudya, musatayirepo ndalama.

Kusitolo musachite manyazi, auzeni athire chakudya muone nsombayo ikudya inu muli pomwepo. Akati yadya kale, bwerani mawa. Funsaninso tsiku lomwe inafika, yomwe yangotsika ndege dzulo isiyeni ithe sabata kwa iwowo, ndipo yang'anani nsomba zina zonse za m'mathanki oyandikana nayo chifukwa ambiri madzi ake amakhala amodzi. Ayezeninso mchere wa m'madzi awo. Masitolo ena amasunga nsomba pa mchere wotsika kuposa muyeso wa 1.025 wa mu thanki ya makorali, ndipo kuikweza mwadzidzidzi kumaipweteka.

Simunanene komwe muli, koma ngati magetsi amathimathima kwanuko, gulani kapampu ka mpweya ka mabatire musanagule nsomba ina iliyonse, n'kotchipa kuposa goby imodzi. Madzi amchere sasunga mpweya wambiri, ndipo pampu zikaima maola angapo usiku zoyamba kufa ndi nsomba zikuluzikulu, makorali amapirirako. Mutiuzenso kutalika kwa thankiyo ndi kuya kwa mchenga, chifukwa ngati mchenga ndi wochepera masentimita asanu pistol shrimp ivutika kukumba.