Lamba wa Corolla akulira m'mamawa: ndimukunge kapena ndigule wina?

Bambo wina wanditumizira imelo kuti ali ndi Toyota Corolla AE110 ya injini ya 5A-FE. M'mamawa akangoliza galimoto, kuboneti kumamveka kwiii kwa kanthawi, makamaka akayatsa magetsi kapena akakhotetsa chiwongolero mpaka kumapeto. Akufunsa ngati angokunga lamba kapena agule watsopano, komanso ngati angaigwire okha ntchitoyi.

Bambo, mungathe ndithu. Koma dziwani kaye kuti injini imeneyi ilibe lamba mmodzi yekha. Pali wa alternator (chipangizo chotchaja batire), yemwe amazungulitsanso water pump (pampu yoyendetsa madzi oziziritsa injini), pali wa power steering, ndipo ngati galimotoyo ili ndi AC palinso wachitatu. Phokoso lobwera mukayatsa magetsi limaloza wa alternator, lobwera mukamakhota limaloza wa power steering. Timing belt ndi nkhani ina, amakhala m'kati mwa kavala ya pulasitiki ndipo amasinthidwa pa makilomita 100,000.

Zimitsani injini, chotsani kiyi, mumasulenso waya wa negative kubatire. Kenako pindani lambayo ndi zala muone mbali ya mizere. Akakhala ndi ming'alu yambiri, mizere ina itathothoka, ulusi ukutuluka m'mbali, kapena akunyezimira ndi kuuma, ameneyo watha, kumukunga n'kutaya nthawi. Akakhala ndi oyilo, fufuzani kaye pamene pakudontha, apo ayi watsopanoyo sakhalitsa.

Ngati akadali bwino, dinani ndi chala chachikulu pakati pa mapule awiri otalikirana, ndi mphamvu ya makilogalamu 10. Lamba wa alternator amene wayendapo kale azilowa pang'ono kupitirira sentimita imodzi, watsopano mamilimita 7 mpaka 9. Pokunga, khwefulani bawuti yomwe alternator imayendamirapo ndi bawuti yolokera, kenako zungulitsani bawuti yaitali yokungira pang'onopang'ono, mukudina lamba nthawi ndi nthawi. Akafika pamlingo, mangani zonse.

Apa ndiye pamene ambiri timaonongera galimoto. Munthu amalowetsa chitsulo kuseri kwa alternator n'kukankha ndi mphamvu zonse mpaka lamba kuuma ngati chikopa cha ng'oma. Phokoso limathadi tsiku lomwelo. Koma mphamvu yonseyo imathera pa mabering'i a alternator ndi a water pump, ndipo pakapita miyezi mumayamba kumva kukukuta, madzi n'kumadontha papampu. Mtengo wa water pump ndi wa lamba ndi wosiyana kutali. Kwa ine, bola lamba wokhwepa pang'ono yemwe ndingamuwonjezere mawa kusiyana ndi wokungitsitsa. Zopaka sopo kapena kudonthezera brake fluid, zija amakuuzani kurenki, zisiyeni. Zimangobisa phokoso, ndipo mafuta amadya labala.

Mukaganiza zosintha, jambulani ndi foni mmene malamba adutsira musanachotse, chifukwa wina amatsekereza mnzake. Kusitolo pitani ndi wakaleyo m'manja. Pamsana pake pamalembedwa nambala, mwachitsanzo 5PK970: mizere 5, kutalika mamilimita 970. Musalole kupatsidwa wa mizere 4 ati "ndi yemweyo".

Lamba akadali pansi, zungulitsani pule iliyonse ndi dzanja. Yomveka ngati muli mchenga kapena yogwedera ndi imene ingakhale gwero la phokoso lanu, osati lamba. Poika watsopano, papasani ndi chala kunsi kwa pule ya crankshaft (yaikulu yapansi, yomwe imazungulitsa lambayo), komwe maso safika, muonetsetse kuti mzere uliwonse walowa m'malo mwake. Akalumpha mzere umodzi amang'ambika msanga.

Bwezerani waya wa batire uja, lizani injini kwa mphindi 5, muizimitse, muyesenso, poti lamba watsopano amatamuka. Mudzadinenso pakatha sabata imodzi. Ngati nyale ya batire yayaka muli paulendo ndipo muvi wa kutentha ukukwera, imani pompo, chifukwa pa 5A-FE lamba wa alternator akaduka, madzi nawo amasiya kuzungulira.