Funsani Azaumoyo: Kodi makina opangira mkaka wa mwana ndi oyenera kugula?

FUNSO: Zikomo a zaumoyo. Ndine mphunzitsi pa Dedza boma ndipo ndili ndi khanda la miyezi iwiri ndi theka. Tchuthi changa cha uchembere chatsala pang'ono kutha, ndiye masana mwana azitsala ndi mtsikana wothandiza pakhomo. Ndikuganiza zomuyambitsa mkaka wa m'chitini. Alamu anga a ku Johannesburg andiuza kuti ndisankhe: anditumizire makina aja ongodina batani mkaka n'kutuluka wofunda kale, kapena anditumizire ndalama yake. Nditenge chiti? Mayi wa ku Dedza

YANKHO: Mayi, tengani ndalamayo. Makinawo amapulumutsa mphindi zochepa chabe, pamene ntchito yaikulu, yopha tizilombo, ambiri saigwira mokwanira.

Ufa wa mkaka, ngakhale chitini chikhale chomatidwa bwino kuchokera kufakitale, ukhoza kukhala ndi tizilombo. Toopsa kwambiri ndi Cronobacter, tomwe timalowa m'magazi ndi m'bongo mwa khanda, komanso Salmonella. Sitipezeka kawirikawiri, koma tikagwira mwana wosakwana miyezi iwiri, wobadwa masiku asanakwane kapena wobadwa wosafika makilogalamu 2.5, timatha kupha. N'chifukwa chake mu 2007 mabungwe oona za umoyo ndi za chakudya padziko lonse, WHO ndi FAO, anatulutsa malangizo oti ufawo uzisungunulidwa ndi madzi otentha madigiri 70 kapena kuposerapo. Makina aliwonse muziwayesa ndi funso limeneli: kodi ufa wonse ukukumana ndi madzi a madigiri 70?

Makinawa ali mitundu iwiri. Mtundu woyamba, monga Tommee Tippee Perfect Prep, ufa mumayeza nokha. Makina amathira timadzi tochepa totentha toti tisungunule ufawo, mumakhutchumula, kenako amadzaza botolo ndi madzi ozizira odutsa mu sefa. Vuto lili pa timadzi totenthato. N'tochepa, ndiye tikagwera m'botolo lozizira n'kukumana ndi ufa wozizira, kutentha kumatsika nthawi yomweyo. Pa kafukufuku amene zotsatira zake zinatuluka mu 2023, ofufuza a ku Swansea University ku Britain anapempha makolo kuti ayeze madzi a makina awo kunyumba. Pa makina 74, okwana 11 okha ndi amene anatulutsa madzi ofika madigiri 70. Ndiye ganizirani botolo limene lagona pa tebulo ku Dedza mwezi wa June kapena July, m'mamawa chisanu chili tcha.

Madzi ozizira odzazira aja nawonso sawiritsidwa. Sefa yake anaipangira madzi a m'mipopi othiridwa kale mankhwala, osati a pamjigo, a pachitsime, kapena osungidwa mu ndowa tsiku limene mpopi wauma. Sefayo imafunika kusintha pakapita pafupifupi miyezi itatu, ndipo musayembekezere kuipeza m'golosale za pa boma. Ikakalamba, madzi akamagonera m'thanki ndi m'tipaipi tam'kati tomwe simungatione, mumayamba ndere ndi chuku. Dziko lathu laona kolera yoopsa mu 2022 ndi 2023. Ife sitingavomere kuti khanda limwe dontho la madzi osawiritsa a pamjigo, a pachitsime kapena a mu ndowa.

Mtundu wachiwiri, monga Baby Brezza, umasunga ufa pamwamba, kuuyeza wokha ndi kuusakaniza ndi madzi ofunda. Madziwo amangofunda poti mwana amwe, safika madigiri 70. Komanso mkaka uliwonse uli ndi nambala yake yoti mutchere, popeza ufa wina ndi wolemera kuposa unzake. Mukasintha mtundu wa mkaka chifukwa wakale wasowa m'sitolo, n'kuiwala kusintha nambala, muyezo wasokonekera. Kafanulo kosakanizira kamayenera kutsukidwa ndi kuumitsidwa pa mabotolo anayi aliwonse. Mukapanda kutero nthunzi imanyowetsa ufa, umaundana pakamwa pake, ndipo umatsika wochepa. Nyengo ya dzinja, ndi chinyezi chija, zimenezi zimachitika msanga. Choopsa n'chakuti mkaka wochepa ufa umaoneka woyera bwinobwino. Mwana amangolira, sakwera sikelo, ndipo madzi akachulukitsa mchere wa m'magazi mwake umatsika mpaka kukomoka. Ufa ukachuluka amadzimbidwa, thupi limasowa madzi, impso zimalemedwa.

Za magetsi tingonena mwachidule: akazima makina aima, mwana ali ndi njala. Ochokera ku America ndi a mphamvu ya 120, athu ndi 230, mukalumikiza amapsa. A ku South Africa mphamvu ndi yofanana, pulagi yokha ndiyo yosiyana.

Ndalamayo gulirani ketulo kapena kapoto ka mwana yekha, fulasiki yabwino ya lita imodzi yomwe simudzathiramo tiyi, burashi yotsukira mabotolo, ndi kachipangizo koyezera kutentha kwa chakudya. Yotsalayo isungireni mkaka weniweniwo, chifukwa ndiwo umadya ndalama: mwana womwa wa m'chitini wokhawokha amatha pafupifupi makilogalamu 20 a ufa pa miyezi isanu ndi umodzi yoyamba.

Mtsikanayo mumuphunzitse nokha, ndipo apange inu mukuona kangapo musanabwerere kuntchito. Asambe m'manja ndi sopo. Botolo, nsonga yake ya mphira ndi chotsekera azitsuke ndi sopo n'kuziwiritsa mphindi 10, zonse zitamira m'madzi. Madzi opangira mkaka akhale atsopano, abwate kwa mphindi imodzi yathunthu. Mabuku ambiri amati mukaphula lita imodzi musadikire kupitirira mphindi 30. Kwanuko musayandikire n'komwe malire amenewo. Dedza ili pamtunda, pafupifupi mamita 1,600 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo pamalo okwera chotero madzi amabwata pa madigiri pafupifupi 95, osati 100, kenako mphepo yozizira imawalanda kutentha msanga. Mphindi zisanu zakwana.

Madzi ndiwo amayamba kulowa m'botolo, ufa pambuyo. Mukayamba ndi ufa, mzere wa pabotolo umanama ndipo madzi amachepa. Zitini zambiri zimati kasupuni kamodzi pa mamililita 30, koma zina zimati 60, choncho werengani chitini chimene muli nacho ndipo gwiritsani kasupuni kamene kabwera m'chitinimo. Kadzaze osatsendera, n'kusalaza pamwamba ndi mpeni wouma. Tsekani, khutchumulani, muike botolo mu beseni la madzi ozizira osafika pa chotsekera. Donthezani pang'ono pamkono cham'kati. Mkaka ukhale wofunda chabe. Wotsala mwana akamwa, kapena umene wakhala maola awiri, utayidwe. Ndipo tikupemphani, mwezi ukapita patali musamachepetse ufa kuti chitini chikhalitse. Mkaka wa mwana si thobwa loti alendo akachuluka n'kuthira madzi.

Fulasiki ndiyo imagwira ntchito imene mumafuna kwa makina, ndipo siifuna magetsi. Muitsukuluze kaye ndi madzi otentha, muidzaze mpaka pakamwa ndi madzi ongophula, mutseke zolimba. Yodzaza imasunga madigiri 70 kwa maola angapo. Ya theka imazizira msanga. Yesani yanu ndi kachipangizo kaja kuti mudziwe pomwe imalekezera.

Komabe, Mayi, musanatsegule chitini choyamba, ganizirani izi. Mwana wanu akuyamwa, ndipo bere lokha mpaka miyezi isanu ndi umodzi ndilo limamuteteza kwambiri ku kutsegula m'mimba ndi chibayo. Mukhoza kufinya mkaka m'mawa mu kapu yowiritsa yokhala ndi chivindikiro. Umakhala bwino maola anayi pamalo ozizirira, ndipo mu firiji yosazimazima umafika masiku anayi. Mtsikana azimumwetsa ndi kakapu, komwe n'kosavuta kutsuka kusiyana ndi botolo. Ngati sukulu ili pafupi, azibwera naye pa nthawi yopuma. Yambani kuzolowera kufinya milungu iwiri tchuthi chisanathe, ndipo anamwino a ku sikelo angakuonetseni kagwiridwe kake. Dziwani kuti botolo lililonse la m'chitini limene lalowa m'malo mwa bere limachepetsa mkaka wanu.

FUNSO: Ife tinalandira kale makinawa ngati mphatso. Tili ndi mapasa a miyezi inayi omwe mayi awo ali pa chithandizo choti adokotala anawaletsa kuyamwitsa. Tiwataye? Bambo wa ku Ntcheu

YANKHO: Bambo, pepani ndi matendawo. Kudyetsa mapasa usiku ndi ntchito yaikulu, ndipo tikumvetsa chifukwa chake makinawo akukukokani. Musawataye musanawayese, koma musawakhulupirire musanawayese.

Ngati ndi othira timadzi totentha, thirani timadzito m'botolo lopanda kanthu n'kuyeza pomwepo, makamaka m'mamawa. Tikapanda kufika madigiri 70, asiyeni. Tikafika, tsatirani buku lake pa kutsuka, sinthani sefa pa nthawi yake, ndipo madzi asagonere m'thanki. Ngati madzi anu ndi a pamjigo kapena pachitsime, makinawo si anu. Ngati ndi ongofunditsa madzi aja, ife sitikuwavomereza, makamaka poti mapasa ambiri amabadwa ochepa thupi.

Muyezo wa ufa muuone ndi chitini. Mwana amamwa pafupifupi mamililita 150 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake patsiku. Wolemera makilogalamu 5 ndiye mamililita 750, kapena timasupuni 25 ta muyezo wa 30, ndipo chitini cha magalamu 400 sichimukwanira masiku anayi athunthu. Ana awiri otere achitha masiku awiri asanakwane. Chikamakhalitsa kuposa pamenepo, mkaka ukutuluka wamadzi. Lembani tsiku lotsegulira pa chivindikiro, ndipo musaphonye sikelo mwezi uliwonse. Mwana akatentha thupi, akakana kumwa, akatsegula m'mimba, liwombo likalowa kapena akakomoka, thamangani naye kuchipatala chapafupi nthawi yomweyo, ndipo mutenge chitinicho kuti anamwino aone mtundu wa mkaka ndi muyezo umene mumapangira.