Funsani za Umoyo: Bwanji magazi okha sakukwana kudziwa matenda a mwana wanga?

Funso: Mwana wanga wa zaka zisanu wamwa LA katatu ndipo waikidwa magazi kawiri, koma thupi likutenthabe ndipo nkhama zikutuluka magazi. Madokotala amutenga mafuta a m'fupa la m'chiuno n'kutumiza kutali, akuti akukayikira khansa ya m'magazi. Kodi magazi amene amamutenga aja sakanakwana? — Mayi wa ku Chibavi, Mzuzu

Yankho: Pepani kwambiri mayi, kudikira kotere kumawawa. Magazi amapangidwira m'mafuta a m'mafupa, choncho magazi a pamkono amangosonyeza kuti china chake chalakwika, pamene gwero la vutolo limaonekera m'fupamo. Katswiri amapaka mafutawo pakagalasi n'kuona maselo pa maikulosikopu, koma mitundu ina ya khansa ya m'magazi imafanana kwambiri moti diso lokha silingailekanitse. Pamenepo pamafunika makina a flow cytometry, amene amawerenga zizindikiro za pamwamba pa selo lililonse.

Kulekanitsaku n'kofunika chifukwa mankhwala ake ndi osiyana. Mitundu ya khansa ya m'magazi imatchulidwa mwachidule, monga ALL, AML ndi CML: mtundu wa ALL, womwe ndi wofala mwa ana, suchizidwa mofanana ndi AML, ndipo CML, yomwe mwa ana imapezeka mwa apo ndi apo, ili ndi mapiritsi akeake otchedwa imatinib. Mwana akapatsidwa mankhwala a mtundu wina amavutika nawo pachabe.

Ofufuza akulimbana ndi kuchedwa kumeneku. Makina a GeneXpert, omwe ambiri timawadziwa poyeza TB, amathanso kupeza BCR-ABL, jini (kachigawo ka malangizo a m'selo) yolakwika imene imayambitsa CML, akaikidwa katiriji yake. Ku chipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe, labotale imene inatsegulidwa mu 2011 mogwirizana ndi UNC Project, pulojekiti ya yunivesite ya North Carolina ya ku America, imatumiza zithunzi za maselo pa intaneti kuti akatswiri a ku America aone nawo. Ku Tanzania ndi ku Uganda, ofufuza mogwirizana ndi yunivesite ya Oxford ayesa kuzindikira Burkitt lymphoma, khansa yotupitsa nsagwada kapena mimba imene dokotala Denis Burkitt anailongosola mu 1958, pofufuza tizidutswa ta DNA m'magazi. Njira imeneyi imandipatsa chiyembekezo, ngakhale kuti ikadali pa kafukufuku.

Pamene mukudikira, musamupatse mwanayo aspirin chifukwa imawonjezera kutaya magazi, ndipo musamutemere mphini. Siyani kuchipatala nambala ya foni imene imapezeka nthawi zonse, ndipo thupi likatentha, ngakhale pakati pa usiku, thamangirani naye komweko osadikira tsiku limene anakulemberani m'buku.