Yankho kwa achemwali ofunsa za kunenepa ndi khansa

Achemwali mwafunsa kuti kodi nzoona kunenepa kumabweretsa khansa, nanga ife okhala mmalokeshoni kuno ku Joni ndalama zili zosakwana chonchi tingatani. Nzoona ndithu. Mu 2016 bungwe lofufuza za khansa la IARC, lomwe lili pansi pa WHO, linatchula mitundu 13 ya khansa yomwe imagwira kwambiri anthu onenepa mopyola, monga ya mmatumbo, chiwindi, impso, ya mmawere kwa amayi oti anasiya kusamba komanso ya mkati mwa chiberekero. Musasokoneze ndi ya khomo la chiberekero ija, imeneyo imabwera ndi kachilombo ka HPV, ndiye wowonda naye azikayezetsa. Mafuta akachuluka mthupi sangokhala phee ayi, amapanga estrogen (mahomoni achikazi), amakweza insulin (yomwe imayang'anira shuga mmagazi), ndipo zimenezi zimapangitsa ma cell kuchulukana mosayenera.

Koma ine chimandiwawa ndi chizolowezi chomangomuuza munthu kuti idya bwino. Mayi wadzuka 4 koloko, wakwera ma taxi awiri kukagwira ganyu ya mnyumba, wabwera mdima, pa spaza (kagolosale ka mlokeshoni) apo chomwe chilipo ndi buledi, magwinya (mandasi), kota (buledi woikamo chips ndi zina) ndi zakumwa za shuga, ndiye mukuti adye chani? Kuyenda madzulo nako mantha ndi atsotsi. Ndiye kwathu paja munthu ukanenepa amati akukusamala, ukayamba kuwonda manong'onong'o ayambika kuti ali pa mankhwala uyu. Payekha munthu sangalimbane nazo zonsezi, nchifukwa chake kafukufuku wa 2016 anapeza kuti amayi 68 pa 100 alionse ku South Africa kuno thupi linapyola muyezo.

Komwe zinayendako bwino anagwiritsa ntchito magulu omwe analipo kale. Ku America, American Cancer Society ndi National Cancer Institute anagwirizana ndi mipingo ya anthu akuda pa pulogalamu ya Body & Soul, abusa kumalankhula za kadyedwe paguwa, pazochitika za mpingo kumaika zipatso ndi masamba, anthu a mumpingo momwemo kuphunzitsidwa kulangiza anzawo. Ku Philadelphia a The Food Trust anapita kwa eni timagolosale ta mmakwalala osauka kuwathandiza kuti azigulitsanso zipatso ndi ndiwo zamasamba, ena kuwapezera mafiriji. Boma la kuno linaika msonkho pa zakumwa za shuga mu 2018, chabwino, koma msonkho suphika ndiwo.

Ifenso magulu tili nawo. Stokvel yathu ya golosale (gulu losonkherana ndalama lija) December aliyense timagula shuga matumba ndi mafuta zigubu, bwanji osachotsako theka nkuikapo nyemba, nandolo, soya ndi matemba? Amayi a Mvano kapena Chigwirizano atha kupita pa kiliniki kukapempha anamwino kuti abwere Lamulungu lina tikaweruka adzatiyeze sikelo, BP ndi shuga, atiuzenso kokayezetsa mawere ndi chiberekero. A CANSA, bungwe lolimbana ndi khansa ku South Africa kuno, nawonso amaphunzitsa zimenezi mmadera. Pali parkrun, yothamanga pagulu makilomita 5 Loweruka mmawa ndipo ndi yaulere, kuyenda chabe amalola, yoyamba kuno inayambira ku Delta Park mu 2011. Mukakhala anthu khumi palibe amene angakuvutitseni panjira, komanso palibe wojeda kuti mwawonderanji poti nonse akukuonani mukuyenda limodzi.

Mwini spaza musamusiye, mukamuuza kuti mabanja 15 tizigula chinese ndi tomato kwa inu sabata iliyonse aoda ndithu. Ngati muli mbali ya Rosettenville kapena Turffontein ndilembereni ku inbox, tikakambe ndi atcheya a stokvel mwezi usanathe.