Kodi ndili ndi ufulu wodinda Gule Wamkulu?

Mtsikana wina amene akuphunzira zaluso kuno ku Harare wanditumizira imelo. Agogo ake aamuna anachokera ku Dedza, mayi ake ndi Mshona wa ku Murehwa, iyeyo anabadwira ku Mbare. Aphunzitsi awo awauza kuti aliyense adinde zithunzi zonena za kumene anachokera, ndipo iye akufuna kugoba chigoba cha Gule Wamkulu mbali imodzi ya lino (kachidutswa konga mphira kamene amagobapo chithunzi n'kuchidinda papepala), mbali inayo mbalame ya pa mbendera ya Zimbabwe. Koma mtima ukumugunda. Chichewa chake n'chothyokathyoka, ku Malawi sanapondeko, ndipo anzake ena akumuuza kuti za Achewa si zake. Akufunsa ngati ali ndi ufulu wozigwira.

Achemwali, ufuluwo muli nawo, musakayike n'komwe. Anthu a ku Nyasaland anadzaza m'migodi, m'mafamu a fodya ndi m'makomboni a Salisbury (dzina lakale la Harare) kuyambira kale, Chitaganya cha 1953 mpaka 1963 chisanabwere n'komwe. Ambiri sanabwererenso, kumudzi n'kumawatcha matchona, kuno n'kumawanena kuti mabhurandaya. Ana awo anakula ndi zitupa zolembedwa kuti "alien", ngakhale mchombo wawo unagwera m'dziko muno. Malamulo aakulu a dziko a 2013 ndi amene anatsegula njira ya unzika kwa obadwira kuno, ndipo anaika Chichewa pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka. Ngakhale m'zaluso dzanja lathu lilimo: pamene Tom Blomefield ankayambitsa mudzi wa osema miyala wa Tengenenge mu 1966 kufupi ndi Guruve, ambiri mwa amene anayamba kusema miyala anali antchito a pafamu ochokera ku Malawi, Mozambique ndi Angola. Nanga amene akukukanizaniyo akuti mbiri imeneyi ndi ya yani?

Chimene sindikugwirizana nacho ndi chithunzi chanucho. Chigoba uku, mbalame uko, mzere pakati. Zimenezo aliyense angathe kuzijambula ngakhale sanalowepo m'nyumba mwanu, ndipo inuyo simunakule wogawika pakati chonchi. Kusakanikiranako kuli kale pakhomo panu, ingokuyang'anitsitsani. Chitupa cha agogo chopindikapindika chija, chimene amasunga m'kachitini pamodzi ndi makadi a bungwe la maliro. Buku la nyimbo la ku CCAP lothothoka chikuto, limene mayi anu Achishona anaphunziriramo kuimba Chichewa atakwatiwa. Mthiko umodzi umene wina amati ukuphika nsima, wina amati sadza. Chitenje chimene chinabwera pa basi kudzera ku Nyamapanda. Gobani manja a agogo atagwira chitupacho, makwinya onse aoneke. Munthu wa m'makomboni a Mufakose kapena Mabvuku akadzaima patsogolo pake adzawazindikira manja amenewo musanamuuze kanthu.

Za Gule Wamkulu ndinene mosapsatira, chifukwa ndi nkhani yaulemu. UNESCO inaulemekeza mu 2005 ngati chuma cha anthu onse, komabe zimenezo sizinachotse mwambo wake. Zimene zilombo zimaonetsa pabwalo, pamaso pa aliyense, monga zimavinira pamaliro m'makomboni muno, mungathe kuzijambula: fumbi, nthenga, ng'oma, amayi oimba ndi kuwomba m'manja. Za kudambwe n'za olowa okha, musazifufuze pofuna kukometsa ntchito ya kusukulu. Pitani kwa akuluakulu a gule a kwanuko, muwauze chimene mukufuna kuchita, mumve zimene anene. Komanso dzifunseni ngati banja lanu linali la gule. Amalawi ambiri a kuno ndi Ayao opemphera kumzikiti, ena ndi Atumbuka, Atonga, Angoni kapena Alomwe, ndipo Achewa ena anakulira m'tchalitchi mmene gule sankamufuna. Musavale chigoba chimene agogo anu sanachidziwe pongofuna kuoneka Mmalawi weniweni.

Tsono ku ntchito yeniyeniyo. Ine ndikanati mugobe matabwa awiri kapena zidutswa ziwiri za lino, chimodzi cha kuchimuna, china cha kuchikazi, n'kuzidinda papepala limodzi, china pamwamba pa chinzake. Inki ikhale yopyapyala kuti ya pansi izionekera. Mukayamba ndi yachikasu n'kubwera ndi yabuluu, pamene zakumana padzatuluka zobiriwira, ndipo malo amenewo ndi amene muyenera kuwaganizira kwambiri pojambula. Dulani katoni ngati ngodya, muimate patebulo, kuti pepala lizigwera malo amodzimodzi nthawi zonse. Likangosuntha pang'ono, nkhope imatuluka ndi maso anayi. Kumbukiraninso kuti chodinda chimatuluka motembenuka. Ngati mukugoba mawu a pachitupa, alembeni chobwerera, muwaone pagalasi musanagwire tchizulo. Lino ikauma, iikeni padzuwa kanthawi, imafewa. Dzanja logwira likhale kumbuyo kwa mpeni nthawi zonse.

Lino ndi yodula, ndikudziwa. Katoni, guluu, ulusi, mchenga ndi kansalu ka chitenje chakale zimapanga chodindira chabwino mukazimata n'kupaka vanishi. Nsaluyo imasiya maonekedwe a ulusi wake papepala. Makina osindikizira akasowa, msana wa supuni umakwanira, bola kuleza mtima ndi pepala lopyapyala.

Musamangoyang'ana za kunja pa intaneti. Pitani ku National Gallery of Zimbabwe, imene yakhala ili pakati pa tauni kuyambira 1957. Funafunani ntchito za Chikonzero Chazunguza, amene anaphunzira ku Bulgaria n'kudzaphunzitsa achinyamata ambiri kudinda kuno, komanso za Virginia Chihota ndi Portia Zvavahera, amene anaimirira Zimbabwe pa chionetsero chachikulu cha zaluso ku Venice mu 2013. Onani mmene Zvavahera amadindira maluwa a nsalu mkati mwa penti.

Koma musanagule inki, khalani pansi ndi agogo kapena azakhali, kope lili m'manja. Afunseni njira imene anadzera, famu kapena mgodi umene anayambira ntchito, ndi dzina la mudzi ndi la mfumu ya ku Dedza. Afunseni m'Chichewa chanu chomwecho, adzakukonzani okha. Mukadinda zoyamba, lembani nambala ndi pensulo m'munsi, 1/10, 2/10, kutanthauza choyamba ndi chachiwiri mwa zithunzi khumi, ndipo munditumizireko chithunzi ndione.