Ndi pikapu iti yomwe ili ndi adaptive cruise control?

Achimwene, mwafunsa kuti pa Hilux Raider, Ranger XLT ndi D-Max zomwe mukuziona ku Joni, iti ili ndi adaptive cruise control, poti wogulitsa aliyense akungokuyankhani kuti "ilipo bwana". Dzina lolembedwa pachitseko chakumbuyo lija palokha silingakuuzeni. Giredi imodzimodziyo imasintha malinga ndi chaka, dziko limene inakagulitsidwa ili yatsopano, komanso ngati ili ya manual kapena automatic. Choncho mukamva wina akuti "XLT zonse zili nayo" kapena "Hilux ilibe", dziwani kuti akunena za galimoto imodzi yomwe iyeyo anaiona.

Tiyambe tasiyanitsa kaye, chifukwa ogulitsa ambiri sanama dala, amangosokoneza zinthu ziwiri. Cruise control wamba mukaitchera pa 100, galimoto imagwira 100 yomweyo mpaka inuyo mutaponda buleki, ngakhale kutsogolo kuli thiraki yomwe ikukwawa pa 60. Adaptive imayang'ana galimoto yakutsogolo, imachepetsa liwiro yokha, imasunga mpata umene mwasankha, ndipo thirakiyo ikapatuka imabwereranso pa 100. Wogulitsa akaona mawu oti cruise pachiwongolero amaganiza kuti ndi yomweyo. Cruise wamba ili m'mapikapu ambiri a giredi yapakati. Adaptive ndiyo yosowa, makamaka pa galimoto za msika wa South Africa.

Pa Hilux zili motere. Adaptive imabwera m'gulu la zida zomwe Toyota amazitcha Toyota Safety Sense, limodzi ndi buleki yodziponda yokha ngozi ikayandikira ndiponso chenjezo mukamatuluka mumzere wanu. Ku South Africa, komwe Hilux amaipanga ku Prospecton mu Durban, zidazi zinayamba kuoneka pa giredi yapamwamba yotchedwa Legend, ya 2020, ija inabwera ndi nkhope yatsopano. Apa ndi pomwe anthu amagwa, chifukwa dzina la Legend ndi lakale. Legend 45 ya 2014 ndi Legend 50 ya 2019 ndi galimoto zabwino kwambiri, koma musayembekezere kupezamo adaptive. Raider ndiye muyenera kuiona ndi maso anu, osadalira zolemba za wogulitsa.

Koma Hilux yomweyo mukaitenga ku Australia nkhani ndi ina. Kumeneko Toyota anaika Safety Sense pa magiredi onse mu 2019, mpaka pa Workmate, yomwe ndi ya kumunda ndi kokagwira ntchito. Ku Japan, Hilux inabwereranso pamsika mu 2017, yochokera ku fakitale ya ku Thailand, ndi injini ya dizilo ya 2.4, m'magiredi awiri, X ndi Z. Radar cruise, yomwe ndi adaptive yomweyo yogwiritsa radar (kachipangizo koyeza mtunda wofika pa galimoto yakutsogolo), inalowa pa Z mu 2019. Ndiye ngati mukuyang'ananso zochokera ku Japan zodzera pa Dar es Salaam, Z ya 2017 ndi Z ya 2020 si galimoto imodzi pa nkhani imeneyi. Za ku Britain, zomwe zimatchedwa Active, Icon ndi Invincible, kawirikawiri zimakhala ndi zida zambiri zachitetezo kuposa zinzake za kuno kumwera kwa Africa za chaka chomwecho.

Chinthu china pa Hilux ya m'badwo umenewu: adaptive yake ndi ya pa liwiro lapamwamba. Siyimitsa galimoto mpaka kuima. Yakutsogolo ikachepetsa kwambiri, imalira kenako n'kusiya, ndipo phazi lanu liyenera kukhala lokonzeka. Pamzere wa magalimoto wa m'tauni madzulo siikuthandizani.

Ford anafulumirako. Ranger, yomwe ku South Africa amaipanga ku Silverton mu Pretoria, inalandira adaptive pa giredi yapamwamba yotchedwa Wildtrak mu 2015, pamene inasinthidwa nkhope. M'mayiko ena chidachi chinali mu phukusi lolipira padera, moti Wildtrak ziwiri za chaka chimodzi zikhoza kusiyana chifukwa mwini woyamba wa imodzi sanafune kuwonjezera ndalama. Chodabwitsa ndi Raptor yoyamba ija ya 2019. Inali yokwera mtengo kuposa Wildtrak, koma adaptive inalibe. Ndimaitchula kawirikawiri Raptor imeneyi anthu akamati ingogulani yodula kwambiri ndipo zonse zikhalamo. Pa Ranger yatsopano, yomwe inatuluka chakumapeto kwa 2022, Wildtrak ndi Raptor zili ndi adaptive yomwe imatha kuimitsa galimoto ndi kunyamukanso. XL musaiwerengere n'komwe. XLT imene mukuifunayo ili pakatikati: zina zili nayo, zina zilibe, kutengera zomwe woigula woyamba anawonjezera. Amarok yatsopano ndi Ranger yomweyo pansi pake ndipo imachokera ku Silverton komweko, choncho nayonso muifunse mafunso omwewa.

D-Max njira yake ndi ina. Isuzu sagwiritsa radar kutsogolo pa ntchito imeneyi, amagwiritsa makamera awiri omwe ali pamwamba pa galasi lakutsogolo, ndipo zida zonsezo amazitcha IDAS. Ku Australia D-Max iliyonse ya m'badwo watsopano inabwera ndi IDAS kuyambira 2020, koma adaptive inali pa za automatic zokha. Ku South Africa m'badwo umenewu unayamba kupangidwa ku Gqeberha mu 2022, ndipo V-Cross ndiyo giredi yoyamba kuiyang'ana. Samalani ndi D-Max ya thupi lakale, ija inkatchedwa KB. Ngakhale italembedwa chaka chaposachedwa, zida zimenezi ilibe.

Mukamawerenga pa intaneti onetsetsaninso kuti zolembazo ndi za msika uti. Zambiri ndi za ku America, komwe Toyota anaika radar cruise pa Tacoma ndi Tundra zonse kuyambira za 2018. Zimenezo ndi galimoto zina, za chiwongolero chakumanzere, ndipo sizikuuzani kanthu za Raider yomwe ili pa yadi ku Boksburg.

Tsopano njira yodziwira popanda kukangana ndi munthu. Muuzeni wogulitsayo ajambule chiwongolero pafupi, mbali zonse ziwiri. Mukufuna batani lokhala ndi kachithunzi ka galimoto ndi timizere kutsogolo kwake. Limenelo ndi losinthira mpata, ndipo galimoto ya cruise wamba ilibe chifukwa chokhalira nalo. Pa Hilux, kandodo ka cruise kamakhala kuseri kwa chiwongolero chakumanja m'munsi kaya ndi cruise wamba kaya ndi adaptive, ndiye kandodoko si umboni. Muuzeni alize injini, adine batani la kunsonga kwa kandodoko, ajambule dashibodi. Ikakhala adaptive pamatuluka mawu oti Radar Ready. Yang'ananinso chizindikiro cha Toyota cha kutsogolo. Pa yokhala ndi radar chimakhala chosalala ngati chakutidwa ndi galasi, chifukwa radar ili kuseri kwake, pomwe pa wamba mukhoza kupisa chala pakati pa timikombero take. Kuseri kwa kagalasi koonera kumbuyo kumakhalanso kabokosi ka pulasitiki kobisa kamera. Akakana kujambula zinthu zophweka chonchi, pali chifukwa. Ngati mukufuna kutsimikiza kotheratu, tengani nambala ya chassis mupite nayo kwa dila wa mtundu wa galimotoyo, akuuzani zomwe inatuluka nazo ku fakitale.

Ena akuuzani kuti gulani ya giredi yotsika mudzaikitse pambuyo. Ine sindingakulimbikitseni. Si kungogula radar n'kumangirira. Pamafunika mawaya ake, mabatani, kompyuta ya mabuleki yogwirizana nazo, ndi makina oti zonse zilozetsedwe bwino. Radar ikapendekeka pang'ono imayamba kuona galimoto ya mumzere wina n'kukuponderani buleki popanda chifukwa. Cruise wamba amaikadi anthu ndipo imagwira, koma adaptive ndi nkhani ina.

Funso lomwe simunafunse koma ndi lofunika ndi loti mukaiyendetsa kuti. Ngati mumayenda kawirikawiri pa N1 kuchoka ku Johannesburg kupita ku Musina, chidachi mudzachikonda. Msewu ndi wautali, mathiraki ndi ambiri, ndipo mwendo wakumanja umapumuladi. Pa M1 yathu pakati pa Lilongwe ndi Blantyre phindu lake limachepa. Adaptive inapangidwa kuti izitsatira galimoto yoyenda. Njinga ya kabaza yomwe ili m'mphepete mwa tala, mbuzi, ngolo, anthu odutsa pa Lizulu tsiku la msika, thiraki yofera pamsewu usiku yongoikidwa nthambi kumbuyo, zonsezi musadalire kuti iziona. Mabuku a opanga galimotowo amachenjeza okha kuti chinthu choima chikhoza kusaoneka. Pa makona a ku Dedza imatha kutaya galimoto yomwe imaitsatira n'kuyamba kuthamanga pamene inu simukufuna. Ndipo mantha anga enieni ndi a tulo. Munthu wotopa akasiya kusuntha phazi amayamba kuwodzera msanga.

Ganiziraninso za bull bar, chitsulo chotchinga kutsogolo kwa galimoto chija, poti ambiri tikangogula pikapu timathamangira kwa owotcherera. Chitsulo chikadutsa kutsogolo kwa radar, dashibodi imadzaza machenjezo ndipo chidacho chimazima, pamodzi ndi buleki yodziponda ija. Pali ma bull bar opangidwira galimoto za radar, koma ndi odula ndipo ayenera kukhala a chaka ndi giredi yanu. Matope a m'dzinja akamata pa chizindikirocho zimachitikanso chimodzimodzi, ngakhale apo n'kungopukuta. Pa D-Max vuto limasamukira pa galasi. Mwala ukaliswa, latsopanolo liyenera kukhala loyenera makamera aja, ndipo akaliika makamerawo amafunika kuwalozetsanso ndi makina. Funsiranitu ngati komwe mukukhala kuli garaja yochita zimenezo musanalipire.

Ndikanakhala ine, sindikanalumpha kuchoka pa Raider kupita pa Legend, kapena pa XLT kupita pa Wildtrak, chifukwa cha adaptive yokha. Kumbukirani kuti mtengo ukakwera, msonkho wa pachipata nawonso umakwera. Chomwe chingandichititse kuwonjezera ndalamazo ndi buleki yodziponda yokha yomwe imabwera nayo limodzi, chifukwa imeneyo ikhoza kupulumutsa munthu woyenda pansi tsiku limene maso anu achedwa. Zimandipweteka kuti opanga galimoto amaika chitetezo chimenechi pa pikapu iliyonse ku Australia, koma kuno amachisungira okhawo ogula giredi yapamwamba, pamene misewu yathu ndi yomwe ili ndi anthu ambiri oyenda m'mphepete.

Ngati adaptive mukuifunadi, pa mitundu itatu ya pikapu mwatchulayo yambani ndi Wildtrak ya 2015 kupita m'tsogolo, Legend ya 2020 kupita m'tsogolo, kapena V-Cross ya automatic ya thupi latsopano. Mukapeza Raider kapena XLT yomwe wogulitsa akulumbira kuti ili nayo, ikani muno chithunzi cha chiwongolero, cha dashibodi injini ikulira, ndi cha kutsogolo kwa galimotoyo, tiione limodzi musanatumize ndalama.