Yankho la azakhali: zokayankhula ku ADC Lachinayi

Moni nonse pagulu pano. Naphiri mwana wanga, uthenga wako ndaumvera mpaka kumapeto. Ukuti anzako a mu VDC, komiti ya chitukuko ya m'mudzi, akusankha kuti Lachinayi ukayankhule ku ADC, komiti ya chitukuko ya dera lonse, za mjigo wanu udawonongeka uja, ndiye chiyambire tulo sukutiona, ukangoganiza zoimirira pamaso pa Gogo Chalo ndi magulupu mtima ukugunda, mawu akunjenjemera. Walemba mapeji awiri ndipo ukuwaloweza pamtima, tsono ukufunsa kuti utani. Ndayankhira pagulu dala, paja muno muli ena amene mawa adzaimirira pachinkhoswe, pamaliro kapena kutchalitchi.

Mapeji awiriwo usaloweze ayi. Ndikunenetsa. Munthu woloweza akaiwala liwu limodzi zonse zimabalalika, amangoti kakasi, maso kudenga kufunafuna pamene analekezera. Ku Chigwirizano ndaona amayi anzeru zawo akukhala pansi misozi ili lengelenge chifukwa cha chimenechi, pamene nkhaniyo amaidziwa bwinobwino. Chimene uyenera kuchidziwa pamtima n'chimodzi basi: ukukapempha chiyani? Usikuuno ukhale pansi, uchinene m'chiganizo chimodzi choti ngakhale mwana wa Sitandade 4 atha kukachibwereza kwa amake. Ndipo apa m'pamene ndakumva ukusakaniza. Poyamba wati mukufuna mjigowo ukonzedwe, kumapeto wati mukufuna mjigo wina watsopano. Zimenezo ndi ziwiri, mwana wanga. Kambiranani m'komitimo musanapite, musankhe chimodzi chotsogola. Ukapempha zonse pamodzi, alembi adzangolemba kuti "vuto la madzi", nkhani n'kuthera pomwepo.

Ukatero, kapepala kamodzi kakang'ono kakukwanira. Palembedwe pempho lakolo, manambala, ndi mawu awiri atatu okukumbutsa chotsatira.

Za manambalazi ndikhalitsepo pang'ono, chifukwa ndi zimene zidzakupatse mphamvu. Mawa upite kwa alangizi a zaumoyo, a HSA aja, akuuze chiwerengero cha mabanja ndi anthu amene amatunga pamjigowo. Anyakwawa nawonso ali ndi kaundula. Udziwenso mwezi umene mjigo udasiya kutulutsa madzi, chimene amakaniki a m'dera adapeza atauphwasula, ndi kumene anthu akutunga panopa. Muyezo wa boma umati mjigo umodzi uzitumikira anthu 250, ndipo munthu asamayende mtunda woposa mamita 500 kukatunga madzi. Ndiye ukaima n'kunena chiwerengero chanu chenicheni, pambali n'kuikapo 250 ameneyo, sufunikanso kukuwa kapena kudandaula, aliyense adziwerengera yekha. Ungathenso kuwakumbutsa mwaulemu za kolera wa 2022 ndi 2023, amene adapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Uzinene kamodzi kokha, osati moopseza, poti ena okhala pamenepo mwina adataya abale awo.

Koma manambala okha sakhala m'mutu mwa anthu. Uwonjezepo chinthu chimodzi chimene waona ndi maso ako, kaya ndi ana asukulu amene akuchedwa chifukwa cholawirira kudambo, kaya ndi agogo amene akumwa madzi a pachitsime chosatetezedwa poti kutali sangafike. Chimodzi chokha, osatchula dzina la munthu.

Funso limene lidzabwere ndikuuziretu: "Nanga ndalama zimene mumasonkha pamjigo zili kuti?" Lidzabwera ndithu, chifukwa zowonongeka zing'onozing'ono monga marabala amayembekezera kuti komiti ya mjigo igule yokha. Ukatenge buku kwa asungichuma, udziwe zimene zidasonkhedwa, zimene zidagwira ntchito ndi zotsala. Ngati pali pobowoka, ndi bwino unene wekha asanakufunse. Funso limene sukudziwa yankho lake usalipekere. Ungoti, "Zimenezo ndikafunsa kukomiti, yankho ndipereka kwa alembi sabata yamawa," ndipo ukachitedi. Wina akayankhula monyoza, paja alipo amene mpaka lero saona bwino mzimayi akaima pabwalo, iwe usatembenukire kwa iye. Yankha kudzera kwa apampando, mawu ako asakwere.

Tsopano za manthawo. Sadzatha Lachinayi lisanafike, ndipo usadikire kuti athe. Si matenda, si kulodzedwanso ayi. Thupi likaona ngati pali choopsa limatulutsa m'magazi mankhwala ake achilengedwe otchedwa adrenaline, ndiye mtima umathamanga, m'kamwa mumauma, m'manja mumatuluka thukuta. Kawirikawiri zimakula poyambirira penipeni, ukapitiriza kuyankhula zimayamba kutsika. Ukadali pampando, dzina lako lisanaitanidwe, kokera mpweya m'mphuno pang'onopang'ono, n'kuutulutsa pakamwa motalikitsa kuposa mmene unaukokera. Kutulutsa motalikitsako ndi kumene kumabweza mtima. Umweko madzi pang'ono. Ukaimirira, mapazi onse apondetse pansi, ndipo usayambe kuyankhula ukuyenda. Ima kaye, uwaone anthuwo, kenako uyambe.

Ukumudziwa William Kamkwamba wa ku Masitala kwa Wimbe konkuno, amene adapanga makina a magetsi oyendera mphepo kuchokera ku zitsulo zotayidwa. Mu 2007 adamuitana kumsonkhano wa TED, umene anthu amafotokozerako nzeru zatsopano, ku Arusha m'dziko la Tanzania. Mu 2009, akuyankhulanso ku Oxford, adanena yekha kuti tsiku la ku Arusha lija adachita mantha mpaka Chingerezi chidamuthawa, ndipo adafuna kusanza. Komatu anthu adamumvera, ena mpaka adamuthandiza kubwerera kusukulu. Chidamunyamula n'chakuti ankanena za chinthu chimene adachipanga ndi manja ake. Iwenso mjigowo wapopapo, kudamboko wapitako ndi ndowa. Pamsonkhanopo palibe amene akuidziwa nkhaniyi kuposa iwe, ndipo mwayi wako ndi wakuti ukayankhula m'chiyankhulo chako. Usakavutike n'kuthiramo Chingerezi kuti uoneke wophunzira. Agogo okhala kumbuyo akaphonya mawu amodzi, wataya munthu amene akadakuvomereza.

Malonje usadumphe, koma akhale aafupi ndiponso m'ndondomeko yake: apampando, Gogo Chalo, akhansala ngati alipo, magulupu ndi anyakwawa, alangizi, kenako amayi ndi abambo nonse. Ufunsiretu alembi kuti kubwera ndani, kuopa kusiya wamkulu wina. Ulemu wa kwathu upereke monga udaleredwera, ndi m'manja momwe. Chimene ndikukuletsa n'chakuti, "Pepani, ine sindidziwa kuyankhula." Ambiri amayamba choncho poyesa kudzichepetsa, koma mawu amenewo amauza anthu kuti asatchere khutu. Malonje akatha, dzina lako, mudzi wako, pomwepo pempho lija. Usalisungire kumapeto, nthawi ikhoza kukuthera usanalifike.

Mawu ako ndi ofewa, ndikukudziwa kuyambira uli wamng'ono. Usankhe munthu wokhala kumbuyo kwenikweni, uziyankhula ngati ukuuza iyeyo, mutu uli chodzuka. Ukayang'ana pansi mawu amathera pachifuwa. Mafumu suwatong'olera maso, zimenezo n'zoona, koma maso ako aziyenda pagulu, kuno pang'ono, uko pang'ono, makamaka kwa amene akugwedeza mutu movomereza. Ukanena nambala, pumira kaye ilowe. Kukhala chete kwa kamphindi kumaoneka kotalika kwa woyankhula yekha. Kukakhala chimkuzamawu, chisagunde pamilomo, ndipo usatembenuze mutu n'kuchisiya kumbali.

Mphindi zitatu kapena zinayi zakwana. Pomaliza ubwereze pempho lija ndi mawu omwewo, upemphe kuti lilembedwe m'maminitsi ndiponso akuuzeni kuti yankho mudzalimva liti, kwa ndani. Uthokoze, ukhale pansi. Usayambenso zina poona kuti anthu akukumvera bwino.

Lachinayilo ulawire, ukafike anthu asanadzaze, ukaone pamene udzaime, uwapatse moni alembi n'kutsimikiza kuti nkhani yanu ili pamndandanda. Chitenje umange cholimba kuti manja asakhale ndi ntchito yochigwiriza. Amayi awiri a m'komiti apite nawe akakhale poti uziwaona.

Kuyesera kwa mumtima sikuthandiza, pakamwa payenera pazolowere. Mawa madzulo ukatha kuphika, uimirire pakhonde, ana ndi bambo awo akhale pansi akumvere, ndipo mmodzi akufunse funso la ndalama lija mosakunyengerera. Kenako udzijambule pafoni unditumizire kumbali, osati pagulu pano. Lachitatu ndikuimbira tikonze pamene pakufunika kukonza. Achimwene, inu amene muli pafupi ndi mwanayu, mumuperekeze mawa kwa a HSA akatenge manambalawo.